Mmene Ndinakhetsera Oilo wa Chimbwi

Agnes ndi Petulo, ana anga.

Agnes, ukukumbuka kuti pa maliro a amayi ako unandipeza kuseri kwa nyumba, pafupi ndi nkhokwe, ndi kundifunsa za mawu amene unamva kwa azimayi ophika. Mmodzi wa iwo anandiloza ndi mlomo nati, "Aja ndiwo anasiya munthu kufa chifukwa cha oilo." Ndinakuyankha kuti silinali tsiku lake. Sunandifunsenso, ndipo ndikuthokoza. Tsopano manja anga sagwiranso sipanala, koma cholembera akali kugwira, ndiye ndati ndilembe nkhaniyi monga mmene ndinaionera, kuti musamangoimva kwa anthu. Za ubwana wanga ku Katete mukuzidziwa kale. Ndiyambira pa ntchito.

Chaka chimene ndinalowa ntchito ku Lusaka

Ntchito yanga yoyamba inali m'galaja ya kampani ina ya mathiraki. Mkulu wa amakanika anali Ba Lungu, munthu wamfupi, wosaseka kawirikawiri. Miyezi yoyamba sanandilole kumasula kanthu pa injini. "Sipanala ni yothera," ankatero. "Yamba na maso, mphuno na khutu. Dokotala sayamba na mpeni." Anandiphunzitsa kuwerenga utsi. Ukakhala wakuda, injini ikumwa dizilo wambiri koma mpweya ukuiperewera. Ukakhala woyera osatha ngakhale injini yatentha, kaikira madzi, kuti mwina alowa kumene sayenera kulowa. Wabuluu, oilo akupsa. Anandiphunzitsa kutenga mtengo wa tsache, kugunditsa nsonga imodzi pa injini ikulira, ina pa khutu langa, ndi kuyenda nawo pang'onopang'ono kufikira nditapeza pamene pakugogoda. Koma chimene ankalimbikira koposa chinali cha m'mawa: thiraki isanalizidwe, usolole kachitsulo koyezera oilo, uone pamene oilo wafika, umtikite pakati pa zala, umnunkhize.

Tsiku lina masana, m'chaka changa chachiwiri, thiraki ina imene inangofika kuchokera ku migodi inalizidwa m'galajamo. Inayamba bwinobwino. Kenaka kulira kwake kunayamba kukwera kokha, popanda woponda. Dalaivala anazimitsa, nasolola kiyi, natsika nayo m'manja akutionetsa, koma injini inangopitirira kukwera mpaka kulira kwake kunaleka kumveka ngati kwa galimoto. Utsi unadzaza galaja yonse moti sitinkaonana. Anthu anathawa. Ba Lungu anavula jekete yao nathamangira kumene injini imakokera mpweya kuti aitseke pakamwa. Injiniyo inameza jekete pamodzi ndi zala zitatu za dzanja lao lamanja. Itaphulika, chitsulo china chinaboola malata a denga, ndipo tinakachitola kuseri kwa mpanda.

Nditapita kukawaona kuchipatala, sanafune kumva pepani wanga. Anandikhazika pamphepete pa bedi nati, "Cosmas, mvera. Oilo akamatsika, injini idwala chabe, ungayende nayo. Koma ukapeza oilo akwera yekha, kulibe wothira, ziwa kuti dizilo ilowa pansi, isakanikirana na oilo. Akadzala, injini iyamba kumumwa. Manje kiyi itseka dizilo chabe, siitseka oilo. Ndiye zija waona, timati injini yathawa. Usakailize injini yotero. Olo abwana akuwe bwanji, usakailize." Ba Lungu sanabwererenso pantchito. Ndinakawayendera kangapo kukomboni kwao, ndi kuwapeza akuphunzira kumanga nsapato ndi dzanja lamanzere.

Zaka zoyamba ku Rufunsa

Kampani itatsegula kayadi ku Rufunsa inanditumiza kuno, poti ndinali wosakwatira ndipo sindinkadandaula. Kayadiko kanali mpanda wa waya, shedi ya malata, ndi galimoto imodzi yaikulu yokokera mathiraki akufa ndi kudzutsa ogubuduka. Pantchito tinkaitchula bulekidauni, koma anthu a kumsika anaitcha Chimbwi, chifukwa inkaoneka pamene pagwa chinthu. Dzinalo linakhazikika. Kumbuyo Chimbwi chinali ndi mkono wachitsulo ndi winchi, ng'oma yaikulu yokulunga chingwe cha waya. Injini ya galimoto yotere imavutika kuposa ya thiraki wamba. Imakoka thupi lake ndi thupi la inzake yakufa, imakwera mapiri m'giya wotsika ikutentha, ndipo ikafika pangozi sipuma, chifukwa ndiyo imazunguza winchi. Ikazima kapena kusokonezeka katundu ali m'mwamba, amene ali pansi pake alibe kothawira.

Mukuudziwa mseu wa kum'mawa ukachoka pano kulowera ku mlatho wa Luangwa, mmene umakhotera m'mapiri, mbali imodzi thanthwe, mbali ina phompho. Ntchito yathu yambiri inali kumeneko. Sindilemba zonse zimene ndinaona m'makona amenewo. Ndingonena kuti m'thumba la ovolosi yanga munkakhala kolona, ndipo inatha msanga kuposa masipanala.

Amayi anu, Rosaria, ndinawapeza ku tchalitchi ku Mpanshya, akuimba m'kwaya. Abale ao, a mtundu wa Asoli, ankaseka kalankhulidwe kanga ka kum'mawa, koma anandilandira. Mlongo wao wamkulu, amalume anu Dismas, anali ndi laisensi ya galimoto zazikulu, ndipo dalaivala wa Chimbwi atasiya ntchito, ine ndi amene ndinawatchula kwa abwana. Tinayenda limodzi zaka zambiri, iwo pa chiwongolero, ine pambali. Anali munthu wa nkhani ndi nyimbo, wosiyana ndi ine pa zonse. M'mawa akandipeza ndikununkhiza kachitsulo kaja ankaima patali manja m'chiuno. "Ba mulamu, mununkhiza oilo monga ni ndiwo. Mlongo wanga sakuphikirani?" Ine ndinkati, "Aphika bwino, koma ali na mlongo wake amene amaliza zonse nisanafike." Koma tikayandikira pangozi nyimbo inkaleka, ndipo ankavula chipewa asanatsike. Munthu wopanidwa ndi chitsulo ankalankhula naye ngati mwana wao, uku akumanga tcheni. Ndinaona anthu angapo akutuluka amoyo chifukwa cha liwiro la manja a Dismas.

Mkulu wa kayadi anali Ba Sakala. Sanali munthu woipa. Ankapanikizidwa ndi a ku Lusaka, amene ankafuna Chimbwi chiziyenda tsiku lililonse koma osatumiza zofunika. Zaka zimenezo zinthu zinkasowa kwambiri. Magasiketi, otseka polumikizira zitsulo za injini kuti pasadonthe, ndinkadula pa makatoni. Oilo wakale tinkamsefa pa nsalu ndi kumubwezeramo. Ukapempha chitsulo nthawi ya mvula chinkafika anthu akukolola, ndipo nthawi zina chinali cha galimoto ya mtundu wina. Ba Sakala ankachitembenuza m'manja, ndi kuusa moyo, nati, "Ba Njobvu, onani mwamene mungachitire." Ndipo ndinkaona mmene ndingachitire. Ndi mmene tinkakhalira.

Nyumba yathu yoyamba ija inali pafupi ndi mseu. Chimbwi chikamatuluka, amayi anu ankasiya chimene akuchita ndi kuima pa mtengo wa mango kufikira kulira kwake kutazimirira. Ndinawafunsa tsiku lina chifukwa chake. Anati, "Mwamene muja mwakwera amuna onse awiri a nyumba yanga."

Okutobala, chaka chimene Petulo anayamba sukulu

Chimbwi chinali chokalamba ndipo chinkadya oilo masiku onse, moti kuthiramo kunali ngati kumwetsa ng'ombe. Ndiye m'nyengo yotentha ya chaka chimenecho ndinaona kuti oilo waleka kutsika. Dismas anakondwa. "Chimbwi chatembenuka mtima, mulamu, chaleka kumwa. Chatsala chabe ubatizo." Ine sindinaseke. Injini yokalamba siichira yokha. Ndinaimvetsera ndi mtengo wa tsache mbali zonse, ndipo inkagunda mofanana, popanda podumpha. Utsi unali wa masiku onse. Madzi sankachepa. Kunatsala chinthu chimodzi: kapampu kakang'ono kamene kamakoka dizilo ku thanki, komangidwa m'nthiti mwa injini. Mkati mwake muli kachikopa ka mphira, ndipo kakang'ambika dizilo amadonthera pansi, mwa oilo. Ndinauza Ba Sakala, iwo anapempha ku Lusaka pampu yatsopano ndi oilo, chifukwa m'kayadi munalibe ngakhale wodzaza kapu. Tinadikira. Sikunabwere kanthu.

M'mawa wa tsiku limenelo ndinasolola kachitsulo ndi kupeza oilo wapitirira mzere wa pamwamba kutali. Anayenderera pa chala changa ngati tiyi, ndipo fungo linali la dizilo lokhalokha. Ndinapita kwa Ba Sakala ndi chala chonyowa chomwecho. "Chimbwi sichichoka pano mpaka pampu na oilo vibwere," ndinatero. Anavomera msanga, poti kunalibe ntchito yoitanidwa.

Dzuwa litakwera, minibasi yochokera ku Luangwa inaima pa geti fumbi lili koboo. Dalaivala wake anatsika akuthamanga. "Ba Sakala! Thiraki ya simenti yagwa pa kona ya kumunsi kwa mapiri. Dalaivala akali moyo, mutu wa thiraki wamupana miyendo. Akamba bwino-bwino, apempha madzi. Majeke akangiwa, aterereka pa miyala. Afuna Chimbwi manje-manje!"

Asanamalize, Dismas anali atatenga kale kiyi pa msomali. Ndinaima pakati pa iwo ndi chitseko cha galimoto.

"Mulamu, oilo wadzala dizilo. Siingalizidwe."

"Khetsani pang'ono chabe, afike pa mzere, tiyende. Nizayendetsa bwino-bwino."

"Wotsalayo ni madzi. Ndipo pampu izapitiriza kuthira. Pofika pa mapiri azakhala wakweranso. Ikathawa potsika, mabuleki sazaigwira."

"Muziwa zimenezo, olo muganiza chabe?"

"Niganiza."

"Ine uja munthu siniganiza kuti ali pansi pa motoka," anatero Dismas. "Ali pansi pa motoka."

Tonse tinayang'ana Ba Sakala. Iwo anayang'ana pansi, nati, "Ba Njobvu, imwe ndimwe makanika."

Ana anga, ndikufuna mudziwe zimene zinali m'mutu mwanga, chifukwa anthu amanena ngati ndinali kuganiza za chitsulo. Nzeru ya amalume anu sinali yopusa. Galimoto zambiri zayenda ndi oilo wotero ndi kukafika. Mwina Chimbwi nacho chikadafika. Koma ndinaona mseu uja wotsetsereka, ndi Chimbwi chikulira monga inalirira thiraki ya ku Lusaka, kiyi ili m'manja mwa Dismas yopanda ntchito. Ndinaona kumunsi kwa phiri, pa kona pomwepo, khamu la anthu amene nthawi zonse amaunjikana pangozi, azimayi ndi ana pamseu. Ndinaonanso china: tafika bwino, mutu wa thiraki uli m'mwamba pa chingwe, Dismas ali pansi pake akukoka munthuyo, injini ndi kugwirana mkati ndi kuzima chifukwa cha oilo wamadzi. Mbali inayo kunali munthu mmodzi amene sindinamuonepo, wamoyo, akupempha madzi. Ndinapemphera mumtima kuti Mulungu andionetse. Sindinamve kanthu. Kunali kulira kwa nyenje kokha.

Ndinatenga sipanala ndi beseni ndi kulowa pansi pa Chimbwi. Ndinamasula bawuti ya pansi pa injini, oilo nayamba kutuluka, wopyapyala, akuthamanga. Dismas anagwada akuyang'ana. Patapita kanthawi anati, "Yakwana, tsekani." Sindinatseke. "Mulamu, yakwana!" Ndinati, "Nikhetsa yense." Ndinanena mokweza kuti ndi Ba Sakala omwe amve. Dismas anandigwira mwendo nandikokera kunja ngati thumba, msana wanga ukukhulika pa miyala. Bawuti inali m'nkhonya mwanga. Beseni linasefukira, oilo nayenderera m'fumbi mpaka pa nsapato zao. Anakweza dzanja. Sanandimenye. Anangoti, "Mwamupha," ndi mawu otsika amene sindinawamvepo pakamwa pao.

Tsopano panalibenso chokangana, chifukwa injini yopanda oilo palibe angailize. Ndinauza Ba Sakala kuti ndifuna oilo kulikonse kumene angapezeke. Munthu wamkulu uja anathamanga. Anakhetsa wa m'kavaneti kao, napita kwa mwini chigayo amene anapereka wake wosungira popanda kufunsa, naimitsa thiraki ina pamsika ndi kupempha wotsala. Ine ndinadula njira ya dizilo kuti asadzerenso pa pampu yong'ambika ija. Ndinamanga chigubu cha dizilo pa denga la Chimbwi ndi kutsitsa paipi kuti azitsika yekha kulowa mu injini. Paipi yoyamba inali yaifupi. Yachiwiri inkadontha polumikiza, ndinachita kumanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Kenaka mpweya unakana kutuluka m'mapaipi, injini ikungotsokomola. Dismas anagwira chilichonse chimene ndinawapatsa kuti agwire, mwamsanga ndi molondola, osandiyang'ana kumaso. Sindinayang'ane wotchi. Ndikudziwa kokha kuti pamene minibasi inafika mthunzi wa shedi unali kumadzulo, ndipo pamene Chimbwi chinalira unali utatembenukira kum'mawa.

Podutsa pa nyumba ndinaona amayi anu ali pa mtengo wa mango. Dismas sanalize hutala monga ankachitira.

Injini inayenda bwino njira yonse. Potsika mapiri ndinali nditagwira thabwa pa maondo, loti nditsekere pokokera mpweya ikayamba kuthawa. Silinafunike. Titakhota kona yomaliza tinaona khamu lija, lochuluka monga ndinaganizira, ndi matumba a simenti ataphulika mseu wonse, anthu ndi mitengo zili mbuu. Palibe amene anatikodola kuti tifulumire. Pamenepo ndinadziwa.

Pafupi ndi mutu wa thirakiyo panakhala mayi wina wogulitsa makala m'mbali mwa mseu. Iye ndi amene anamtchinga dzuwa dalaivala uja ndi chitenje chake kuyambira m'mawa, ndi kumamudonthezera madzi pakamwa. Tsopano chitenjecho chinali chitaphimba nkhope. Anatiyang'ana ife awiri, osadziwa kuti wochedwetsa ndani, nati, "Anaimva motoka yanu ikali pamwamba pa phiri. Anakamba ati, amai, yabwera. Ndiye anagona." Anatiuzanso kuti munthuyo ankabwereza dzina lake kuti lisatayike: Akim Mbewe, wa ku Chadiza.

Dismas anavula chipewa. Anamanga tcheni monga mwa masiku onse, ndipo ndinawamva akulankhula naye pansipansi, monga ankachitira ndi amoyo. Ine ndinagwira winchi. Mutu wa thiraki unanyamuka mosavuta. Ntchito yonse ya kumuchotsa inatha msanga kuposa kupemphera chigawo chimodzi cha kolona.

Namwino amene anabwera ndi ambulansi ya ku mishoni anaona nkhope yanga, ndipo anandikokera pambali. Anati anthu opanidwa nthawi yaitali chotero kawirikawiri amafa ngakhale mutawachotsa, nthawi zina pa mphindi yomwe chitsulo chanyamuka. Ananena mwa chifundo, ndipo ndikhulupirira kuti ndi zoona. Koma anati kawirikawiri. Sananene kuti nthawi zonse.

Mvula ya chaka chomwecho

Pampu yatsopano inafika pa basi sabata lomwelo, pamodzi ndi oilo. Nditatsegula yakale ndinapeza kachikopa kaja katang'ambika monga ndinaganizira, mng'alu wolowa chikhadabo. Ndinapita nako kwa Dismas. Sindidziwa chimene ndinkafuna. Anakayang'ana pa chikhato changa nati, "Nakaona. Manje kazamuutsa?" Ndinakaika m'thumba. Kachikopako kanangotsimikiza kuti dizilo ankalowadi. Sikananene ngati injini ikadathawa tsiku limenelo. Injini imakuuza chimene ikudwala, koma siikuuza chimene ikadachita.

Dalaivala wa minibasi uja anafotokoza pamsika zimene anaona pa geti, ndipo sananame. Nkhani inayenda. Ena analeka kundipatsa moni. Ku mphakati wathu ena ankasuntha pa benchi ndikakhala. Sindiwaimba mlandu. Iwo anamva kuti munthu ankapempha madzi pansi pa galimoto, makanika ali kalikiliki ndi oilo, ndipo zinalidi choncho. Ba Sakala anandiikira kumbuyo kwa a ku Lusaka, ntchito sinandithere. Dismas anapempha kusamutsidwira ku mathiraki a maulendo aatali, ndipo mvula isanathe anali atapita ndi banja lao. Ndi chifukwa chake munakula osawaona amalume anu pakhomo pathu. Akabwera kudzaona mlongo wao ankasankha tsiku limene ine ndili kumseu.

Amayi anu sanalankhulepo za nkhaniyi kufikira tsiku lina tikupalira chimanga. Ndinawafunsa ine, chifukwa kukhala chete kwao kunkandilemera kuposa mawu a kumsika. Anatsamira khasu nati, "Atate ake Agnes, ine ningakambe chani? Mlongo wanga nili naye, na imwe nili namwe. Usiku na usana niyamika Mulungu. Koma uja naye anali na mlongo wake." Anapitiriza kupalira. Pofika kumapeto kwa mzere anati, "Dzina lake tiliziwa. Tizimupempherera Misa." Kuyambira pamenepo, Okutobala aliyense, iwo ndi amene ankapita kwa ansembe kukapereka dzinalo. Munkalimva likutchulidwa m'tchalitchi muli ana, ndipo Petulo anafunsapo ngati Akim Mbewe ndi mbale wathu. Amayi anu anayankha kuti inde.

Ndinakhala ndi Chimbwi mpaka chinagulitsidwa kwa odula zitsulo, kenaka ndi galimoto ina yatsopano imene inkauza makanika matenda ake pa kagalasi. Ndinaphunzira kuwerenga kagalasiko, koma m'mawa uliwonse ndinkasololabe kachitsulo ndi kununkhiza. Oilo wokwera yekha sindinakumane nayenso mpaka ndinapuma ntchito.

Chaka chimene amayi anu anatisiya

Za matenda ao ndi masiku a kuchipatala ku Mpanshya munalipo, sindibwereza. Dismas anafika tsiku la kuika, atakalamba, akuyenda ndi ndodo chifukwa cha msana wa pa chiwongolero. Tinapatsana moni monga mwa mwambo, basi. Anthu atabalalika, inu mutabwerera ku ntchito zanu, ndinaganiza kuti naonso apita. Koma m'mawa wina ndinawapeza atakhala pa mpando wa amayi anu pakhonde, chipewa chili pa bondo. Ndinatulutsa mpando wina. Tinakhala nthawi yaitali tikuyang'ana mathiraki akudutsa.

"Mulamu," anatero potsiriza, "ija injini. Sembe inathawa?"

"Siniziwa, mulamu."

"Mpaka lelo?"

"Mpaka lelo."

Anapukusa mutu. "Zaka zonse izi nenze kuyembekeza kuti tsiku lina muzakamba ati inde, sembe inathawa, ninakupulumutsa. Nenze n'takonza kale vokutukwanani." Anatembenuza chipewa chao. "Manje nizavipeleka kuti?"

"Munganitukwane chabe. Mwachoka navo kutali."

Anaseka pang'ono, kuseka kosafika patali, ndi kupukuta m'maso ndi chipewacho. Kenaka anati, "Ine nikatseka maso nimaona ija oilo ibwera pa nsapato zanga. Imwe mumaona chani?"

"Chitenje."

Thiraki ina inadutsa ikufuka utsi wakuda pokwera kachitunda ka pamsika, ndipo tonse awiri tinaitsatira ndi maso mpaka inabisika.

"Dzina lake mukali kulikumbuka?" anafunsa.

"Akim Mbewe."

"Wa ku Chadiza," anamaliza iwo.

Sanandiuze kuti ndinachita bwino, ndipo ine sindinawauze kuti iwo analakwa. Anagona pathu masiku angapo, tikudya mbale imodzi, kenaka ndinawaperekeza pa basi. Chaka chathachi nao anatsikira kuli chete, monga mukudziwa.

Ndiye Agnes, mayi uja wa pa maliro sananame kwenikweni. Munthu anafa, ndipo ine ndinachedwetsa galimoto chifukwa cha oilo. Mukadzamvanso mawu amenewo musakangane ndi wowanena. Amene amatha kuyeza bwino zimene zinachitika pamodzi ndi zimene zikadachitika ndi Mmodzi yekha, ndipo sipatenga nthawi ndikaima pamaso pake. Sindipita ndi yankho lokonzeratu. Ndikafunsidwa, ndidzanena monga ndalembera pano.

Chimene ndikupemphani ndi chimodzi. Amayi anu atapita, ine ndi amene ndimapereka dzina lija kwa ansembe, ndipo miyendo yanga yayamba kukana ulendo wa ku Mpanshya. A pa geti tsiku lija onse anapita, ndatsala ndekha. Okutobala akafika, mmodzi wa inu azipita. Polemba maina a akufa athu, mukalemba Rosaria ndi Dismas, ndi langa likadzafika, musaiwale kulemba Akim Mbewe, wa ku Chadiza.